Zithunzi za Kuseri za a Thompson

M'chipinda chochapira cha nyumba yosungira okalamba ku Hull, mzinda wa kudziko la azungu, a Thompson Mwafulirwa ankapinda mashiti ngati munthu amene manja ake sanagwirepo ntchito ina. Anzawo sankadziwa kuti kale, m'nthawi ya chipani chimodzi, manja omwewo ankajambulira boma zithunzi zokhoma m'misika: amayi onenepa akuthyola fodya pa esiteti, mano onse pamtunda, pansi pake palembedwa kuti "Mlimi Wokondwa, Dziko Lokhuta."

Koma mlongo wawo Esnath anali tenanti pa esiteti yomweyo. Choncho akamaliza chithunzi cha boma, ankajambula china ndi khala pa pepala la thumba la simenti: Esnath zidendene zili ng'aa, mwana wotupa mimba kumbuyo, anyamata a chipani atatseka njira ya kumsika kufuna makhadi a chipanicho. Apolisi akanawapeza ndi mapepalawo, bwenzi atawolera kundende. Anawabisa zaka makumi atatu, mpaka anawoloka nawo nyanja pansi pa sutikesi.

M'chaka cha 2017 mzinda wa Hull unali pa chikondwerero cha zaluso, ndipo a Rowland, wapampando wa bungwe la Amalawi, anabwera kudzawapempha zithunzi zoti akaonetse pa chikondwererocho.

"Achimwene, tibwerekeni zokongola zija. Zamakalazi ayi. Tisayanike nsanza zathu pamaso pa azungu."

"Zimayenda ziwiriziwiri," anatero a Thompson. "Mukatenga chomwetulira, mutengenso cholira."

"Ndiye mukhala nazo nokha."

"Ndazolowera."

Dzina la a Thompson linafufutidwa pa ndandanda wa okaonetsa zaluso. Anthu kutchalitchi ankanong'onezana kuti mkuluyu wataya mwayi chifukwa cha liuma. Zinawapweteka, pakuti zaka zinali zitapita ndipo maso anali atayamba kuchita nkhungu. Koma sanagonje. Anabwerera ku mashiti awo.

Tsiku lina pa nthawi yopuma ankajambula manja a nkhalamba ina yogona pampando. Mwana wa nkhalambayo, mayi Joan, amene ankayang'anira nyumba yoonetsera zojambula ku Leeds, anaima kumbuyo kwawo akuonerera. Kenaka anafunsa ngati ali ndi zina. Atawabweretsera zithunzi za boma pamodzi ndi mapepala a simenti aja, mayiyo anakhala pansi.

"Tikaonetsa zonse," anatero mayiyo. "Chilichonse pambali pa chinzake."

Chaka chotsatira chionetsero chinatsegulidwa, ndipo anthu anafola mpaka pamsewu. Nkhalamba za ku Poland ndi ku Romania zinkaloza zithunzi za boma n'kumapukusa mitu, zikuti kwawonso alimi a papepala ankaseka chimodzimodzi. Mayi Lettie, namwino wachimalawi wokhala ku Newcastle, anaima pa chithunzi cha Esnath, misozi ili chuchuchu.

"Mayi anga anafera pa esiteti ngati imeneyi," anatero. "Ana anga ankayesa ndikukokomeza. Lero aona okha!"

Anatembenuka n'kuimba nthungululu yomwe inagwedeza holo yonse, azungu n'kuyamba kuwomba m'manja. A Rowland anadzipanikiza m'khamulo, chipewa chili m'manja.

"Achimwene, ndinkafuna kuonetsa theka lokha la ntchito yanu. Mukanandimvera, bwenzi tonse titanamizanso dziko kachiwiri."

A Thompson anangowagwira dzanja, n'kuwatsogolera ku chithunzi choyamba kuti ayambire pomwepo kuona. A Thompson akanathamangira khomo loyamba la a Rowland lija, akanalowa ndi bodza lokha. Paja akulu anati, kuona maso a nkhono n'kudekha.