Mvuu, Nkhupakupa ndi Timu ya M'mutu

Kalekale, mpira usanafike kwa anthu, unkaseweredwa ndi nyama. Ana inu khalani phee. Nanunso akuluakulu tcherani khutu, poti ena mwa inu nkhaniyi ikukukhudzani.

Loweruka lililonse, padambo la Chikwatu, timu ya Kumtunda inkamenyana ndi ya Kumunsi. Koma panali awiri amene sankasewera. Mvuu, mimba inkamulemera. Nkhupakupa, mpira unkamukulira. Choncho anayambitsa masewera awoawo, otchedwa timu ya m'mutu. Aliyense ankasankha osewera asanu m'matimu aja. Wako akagoletsa, unkalandira nthanga imodzi ya dzungu. Amene wamutcha kaputeni akagoletsa, nthanga ziwiri.

"Mvula ikamadzagwa tidzawerenga nthanga," anatero Mvuu. "Ukadzagonja, usamuke padambo pano, iwe ndi mtundu wako wonse."

"Nanga ndikadzapambana, achimwene?"

Mvuu anaseka, mimba gwedegwede. "Udzamange nyumba kukhutu kwangaku!"

Posankha, Mvuu anakokera kwake mayina onse akuluakulu. Nkhupakupa anatola otsala, kuphatikizapo Njiri. Loweruka loyamba, Njiri thi! chigoli. Thi! chinanso.

"Ha! Njiri?" anakuwa Mvuu. "Uja amathawa mchira uli m'mwamba? Ndamutenga ndine. Iwe tenga Mbidzi."

Loweruka lotsatira Njiri sanaukhudze n'komwe mpira. Anagoletsa ndi Mbidzi.

"Ha! Mbidzi? Bweza Mbidzi wanga!"

Zinkangotero. Mvuu kulanda, Mvuu kudabwa. Mvuu kulanda, Mvuu kudabwa. Tsiku lina akapeza nthanga, ankavina mpaka nthaka kunjenjemera. Tsiku lina akapita chimanjamanja, ankakana ndi msipu womwe. Chimene sankadziwa n'chakuti Nkhupakupa sabata yonse ankakhala pathupi pa osewerawo. Ankadziwa wa malungo. Ankadziwa wobayidwa ndi minga. Ankadziwa amene wayambana ndi mkazi wake.

Linafika Loweruka lomaliza, mitambo itayamba kuda. Nthanga zinali zofanana, khumi uku, khumi uku. M'kulandalanda kuja, Nyalugwe anali atagwera kwa Nkhupakupa, Fisi kwa Mvuu, ndipo onsewa anali a timu ya Kumtunda. M'mawa, Nkhupakupa anakwera pa udzu wa m'njira ya Mvuu n'kuyamba kuimba:

"Nyalugwe kaputeni wanga, lero zinayi, lero zinayi!"

Mvuu anaima njii. "Wati kaputeni wa yani?"

"Pepani achimwene, ndimangoimba."

"Nyalugwe ndi wanga, ndipo ndiye kaputeni wanga. Iwe tenga Fisi."

"Mayo ine! Fisi wotsimphina uja? Mwandipha, achimwene!" analira Nkhupakupa. "Basi, akhale kaputeni yemweyo, nditani nanga?"

Khwangwala, woimbira mpira, analiza wezulo. Pyee! Posakhalitsa Nyalugwe analandira mpira. Wadutsa woyamba. Wadutsa wachiwiri. Watsala ndi goloboyi wa Kumunsi yekha, Gwape, wonenepa bwino, thupi see.

"Menya! Menya!" anakuwa Mvuu, akudumphadumpha.

Koma Nyalugwe anali atagona ndi njala masiku atatu, ndipo Nkhupakupa anali atamva yekha m'mimba mwa Nyalugweyo mukulira. Nyalugwe anayang'ana mpira. Anayang'ana Gwape. Anayang'ananso mpira. Kenako anaulumpha mpirawo n'kulunjika pa goloboyi!

Gwape liwiro, kutchire psuu! Nyalugwe pambuyo. Khwangwala anauluka ndi khadi lofiira kukamwa, kuwalondola mpaka kuphiri.

Pagolo panalibe aliyense, ndipo palibe amene anafuna kuimapo. Khwangwala atabwerera, wefuwefu, anati mpira upitirire. Fisi anafika tsimphi tsimphi, n'kugoletsa. Anaseka mpaka kugwa chagada, mpira unamugunda m'matako, n'kulowanso. Chachitatu anangoukankha ndi mphuno.

"Zigoli zitatu za kaputeni, nthanga zisanu ndi imodzi," anatero Nkhupakupa, mawu ali ziziri. "Achimwene, khutu lake ndi liti, lamanja kapena lamanzere?"

Mvuu kukamwa kunangoti yasa! Atacheuka, anaona mzere wautali ukubwera mu udzu: ana a Nkhupakupa, azakhali ake, apongozi ake, aliyense atasenza mphasa.

Phava! Mvuu m'madzi.

N'chifukwa chake mpaka lero Mvuu amakhala mumtsinje, makutu akupukusa. Mukadzamuona watulutsa mutu, kukamwa kuli yasa, musati akuyasamula. Akudabwabe za Fisi.

Yanga yathera pomwepa. Amene ali pafupi ndi moto atembenuze chinangwa changa chisanapserere. Ndipo inu okonda kulanda za anzanu, mwini wake akamalira, muziyamba mwayang'ana ngati misozi ikutuluka.