Thabwa la Mbawa Pansi pa Zenera

Panali munthu wina, mmisiri wa matabwa, amene shedi yake inali kuseri kwa nyumba. Kuseri kwa mpanda wake kunali shedi inanso, ya mng'ono wake. Onse awiri anaphunzira ntchito kwa bambo awo, masiku aja mbawa ikadapezeka m'mphepete mwa mitsinje, anthu asanayambe kulemekeza paini.

Bambo awo ali pafupi kumwalira anagawa zida. Mkuluyu anatenga zambiri: masowo, matchizulo, puleni yachitsulo ndi benchi lolemera logwirirapo ntchito. Mng'ono anatola zotsala. Panalinso chinthu china chimene mkuluyu anasiyiridwa yekha: thabwa limodzi la mbawa, lochindikala, lotambalala moti munthu akanatha kugonapo mkono osalendewera.

"Ili usaliwononge ndi timipando," anatero bambowo. "Mwana wako Zelesi akadzakwatiwa, udzamupangire tebulo. Ndipo ukudziwa, thabwa siligona pa dothi. Limagona pa timitengo, mphepo izidutsa kunsi."

Mkuluyu anali ndi luso, palibe amene ankatsutsa. Akalumikiza matabwa awiri, nyerere inkasowa polowera. Chimene chinamusokoneza ndi zenera. Shedi yake inali ndi kazenera kamodzi m'mwamba, koyang'ana kwa mng'ono wake. Akaima pansi sankaona kanthu. Msinkhu unkamuperewera pang'ono chabe.

Tsiku lina anamva anthu akuseka kuseri kwa mpanda. Anafunafuna choti apondepo. Maso anagwera pa mbawa ija. Anaitsitsa pa timitengo take, naiyala pa dothi, pansi pa zenera.

"N'kanthawi chabe," anatero mumtima.

Atakwerapo anaona anthu akumangirira mipando pa njinga, mng'ono wake akupukuta manja uku akumwetulira. Inali mipando wamba, ya mtengo wa malaina. Koma mkuluyu anamva ngati wameza khala lamoto. Mwana amene ndinkamugwira dzanja pokhoma msomali, lero ndiye anthu akumuthamangira?

Anasiya chitseko chimene ankapala, nayamba mipando yoposa ija, yosemedwa maluwa kumsana. Asanaiike miyendo, anakweranso pa thabwa paja. Anaona mng'ono wake akupaka vanishi kabati. Mipando inakankhidwira pakona, kabati inayambika, yaikulu, yofuna magalasi. Kabatiyo isanalandire zitseko, kuseri kuja kunatuluka bedi. Nayenso anayamba bedi.

Dzinja linabwera, linapita, linabweranso. Shedi inadzaza mpaka pakhomo. Munali mipando yopanda miyendo, miyendo yopanda mipando, mafelemu opanda zitseko. Tchizulo ankaifuna m'mawa wonse, n'kukaipeza itakwiririka mu utuchi. Nkhuku inayamba kuikira mazira m'kabati muja. Anthu a m'deralo ankati, "Kwa akuluwo n'koyambira, kwa aang'onowo n'komalizira," ndipo ankadutsa pakhomo pake osaima. Iye ankawaonera pa zenera akulowa kwa mng'ono wake, khala lija n'kumayakirayakira.

Mkazi wake anatopa nazo.

"Bambo a Zelesi, kodi mipandoyi tidzakhalapo, kapena tizingomva mbiri yake? Alendo akabwera ndimakabwereka mpando kwa alamu anga. Ine, mkazi wa mmisiri!"

"Imeneyo n'kuitcha mipando? Dikirani muone yanga."

"Tikudikira ndithu. Pakadali pano amene wapindula nayo shediyi ndi nkhuku."

Mkuluyu anadikira mkaziyo achoke, nakwera pa thabwa.

Kenaka Zelesi anapeza mwamuna. Ankhoswe anakumana, namvana kuti ukwati uchitike anthu akakolola. Madzulo ena mtsikanayo anafika pakhomo pa shedi, nagwada, chifukwa mkati munalibe polowera.

"Ababa, ndimati ndifunse za tebulo la agogo lija. Ngati ntchito yakuchulukirani, bambo aang'ono akuti angathe kundipangira. Akuti mungowapatsa thabwalo."

Mawuwo anamulasa kuposa onse a mkazi wake. Thabwa la bambo ake, kupalidwa kuseri kwa mpanda, anthu n'kumayamika mng'ono wake pa ukwati wa mwana wake!

"Tebulo lako lipangidwa muno," anatero.

M'mawa mwake anayamba kukonza. Anatulutsa utuchi ndi wilibala. Anakhoma misomali kukhoma, napachika chida chilichonse pamalo pake, monga ankachitira bambo ake. Anasanja matabwa, paini payekha, malaina payekha, onse pa timitengo. Nkhuku anaithamangitsa ikulalata. Pansi pa shedi panayamba kuoneka, ndipo mtima wake unapepukako. Pomaliza anafika pa zenera.

Pamwamba pa mbawa ija panali posalala. Malo awiri ankanyezimira kuposa ena onse, pamene mapazi ake ankaponda. Anawerama, nakonzekera kunyamula cholemera. Thabwalo linadzuka ngati khoko la chimanga. Atalitembenuza, dothi lofiira linakhuthuka, chiswe chikubalalika. Chinyezi chinali chitafewetsa kunsi, chiswe n'kulowa, kudya, kudzaza dothi m'malo mwa mtengo. N'chifukwa chake thabwalo silinamuchenjeze: linkamunyamula tsiku ndi tsiku lili chigoba.

Anakhala pansi. Kuseri kwa mpanda hamala inkalira, mwaulemu, mosapupuluma. Anayesa kumufunafuna mng'ono wake mu mlanduwo, monga anazolowera. Anatembenuza nkhaniyo uku ndi uku. Mng'onoyo sanapezekemo. Mapazi aja anali ake.

Anadzuka. Anadula chigobacho pamene panali mapazi, nachikhomera pa zenera, misomali mbali zonse. M'shedi munada. Anakokera benchi pakhomo, pamene kuwala kunkachokera pabwalo lake lomwe. Ndipo anatembenukira zinthu zonse zija anaziyamba chifukwa cha mnzake, nayamba kuziphwasula. Mbali ya kabati, kumutu kwa bedi, chitseko chija anachisiya tsiku loyamba. Anapala, analumikiza, anapana, anadikira guluu aume. Kuseri kuja anthu ankaseka, njinga zinkabwera, koma panalibe poonera.

Tebulo linatha kukolola kusanathe. Linali lolimba, losagwedera, koma la mawangamawanga: apa poyera, apa pofiirira, apa pachikasu. Mng'ono wake anabwera kudzathandiza kulikweza pa ngolo. Anayendetsa chala pamwamba pake, akufuna polumikizira, osapapeza.

"Achimwene, izi ine ndayesa zaka zonsezi, zimandikana. Dzanja la ababa linatsala kuno. Nanga mbawa ija ili kuti?"

Mkuluyu analoza ku zenera ndi chibwano. Mng'onoyo anayang'ana, naona mapazi awiri aja, nawerama kunyamula tebulo.

Zelesi anagwada, nathokoza bambo ake ndi manja awiri. Za mbawa sanatchule. Kusatchulako n'kumene kunawawa kwambiri.

Pambuyo pake munthu uja anamaliza mipando yotsala, umodzi umodzi, osayamba wina uwu usanaime ndi miyendo yake. Mkazi wake anasiya kubwereka. Koma musaganize kuti khala lija linazimiratu. Kuseri kukamveka kuseka, khosi lake linkatembenuka lokha, ndipo maso ankakumana ndi mapazi ake omwe atapachikika pakhoma. Ankawayang'ana pang'ono, n'kubwerera ku puleni.

Inu amene mukumva izi, ine ndayenda m'malo ambiri, ndipo mashedi otere ndawaona ngakhale kwa anthu amene sanagwirepo sowo. Nsanje siichotsa kanthu kwa mnzanu. Mipando yake imakwerabe pa njinga. Imadya chanu, kuyambira kunsi, pamwamba pakunyezimira. Ndipo munthu saonera kwa mnzake ataima pa dothi, amaponda pa chinachake: banja, luso, lonjezo kwa mwana. Tsono musanakwerenso, weramani muone chimene mwapondapo. Chinyamuleni lero, chikadali cholemera.