Mpweya Umene Anaukwirira M'munda wa Mwandida

Kalekale, koma osati kale la makolo, kale lomwe lija mvula inali itayamba kunama, m'chigwa cha Nkhwangwazi munali fakitale ya simenti. Chumuni chake chinkafuka osapuma, ndipo anthu ophunzira ankati mpweya wotuluka m'machumuni otere ndi womwe ukutenthetsa dziko lonse lapansi. Mayiko olemera, eni ake a machumuni osawerengeka, anapeza mankhwala ake: kugwira mpweyawo usanathawire kumwamba, n'kuupopera pansi penipeni kuti ukagone m'miyala. Kwawoko anthu ankakana kuti aukwirire pansi pa nyumba zawo, ndiye anati ayambe ayesera kwa ife kuno, kumene munthu sachedwa kuvomera akaona galimoto yoyera.

Kampani ya ntchito imeneyo itayeza nthaka, inapeza kuti miyala yabwino ili pansi pa munda wa banja lina. Mayi wa banjalo anali atamwalira n'kusiya ana atatu. Wamkulu anali Kambani, mwini mbumba, wolankhulira mlongo wake ndi ana ake. Wachiwiri anali Tsilizani. Wotsiriza anali Mwandida, ndipo munda unali wake, paja kumeneko nthaka imatsata akazi.

Kambani ndiye anavomera. A kampani anamuuza kuti mpweya ukapanda kukwiriridwa, ogula akunja akana simentiyo, fakitale itsekedwa, chigwa chonse chigona ndi njala. Mwandida anakana mpaka kulira, koma mchimwene wake anangomuseka.

"Mlongo, chokwiriridwa chatha. Unaonapo maliro akudzuka?"

Atatero anabwerera kutseri kwa mapiri, kumudzi kwa mkazi wake kumene ankakhala uchikamwini.

Tsilizani analembedwa ntchito yoboola dzenje lopoperamo mpweya. Kwa anzake a ntchito anamva kuti mpweya wotere ukapanikizidwa pansi umafunafuna dzenje lililonse lakale loti utulukirepo, n'chifukwa chake kampani imayenera kufufuza munda wonse ndi makina. Koma kapitawo anali pa changu, anangoti afunsa eni ake pakamwa basi. Tsilizani anaona kuti apa palumphidwa, koma ntchito inali yatsopano ndipo mkazi wake anali woyembekezera. Anatseka pakamwa.

Mwandida ndiye ankadziwa za dzenje lotere. M'kathengo ka m'mbali mwa dambo, kumapeto kwa munda wakewo, munali paipi yadzimbiri yotulukira m'nthaka, imene anaisiya anthu ofufuza malasha kale kwambiri, ndipo kuya kwake kunalibe woudziwa. M'kathengo komweko ndi mmene amayi a m'mudzimo ankaika nthayo, makanda obadwa atafa. Mwamuna sapondako, ndipo za kumeneko sauzidwa. Mwana woyamba wa Mwandida anagona pafupi ndi paipiyo. Kapitawo atafunsa pagulu ngati m'mundamo muli dzenje lakale, amuna anayankha ndi mtima woyera kuti mulibe. Mwandida anaganiza za majombo a amuna achilendo akupondaponda pa mwana wake, anangoweramitsa mutu.

Zaka zoyambazo zinakoma. Nyumba zinavala malata, magetsi anafika, alendo ankabwera kudzajambula mapaipi n'kukauza dziko kuti njira yopulumukira yapezeka. Mwandida yemwe, wokana uja, anadya nawo, ana ake anaphunzira. Kenaka miyala yopangira simenti inatha, fakitale inatsekedwa, kampani inasintha dzina n'kuzimiririka. Mlendo ndi mame. Mpweya wokha ndi womwe sunapatsidwe tikiti yobwerera.

Mpweya umenewu ulibe fungo, ulibe mtundu, ndipo ndi wolemera, umadikha m'malo otsika ngati madzi. Mbuzi zitayamba kupezeka zitafa ku dambo, anthu anatchulana ufiti. Ndiye m'mawa wina amayi anapita kukaika nthayo ya mtsikana wina wa m'mudzimo. Atangowerama kuti akumbe, anayamba kugwa mmodzimmodzi. Amene anatsalira m'mbuyo anathamangira kumudzi akukuwa.

Amuna anafika m'mbali mwa kathengo n'kuima, chifukwa mwambo sunawalole kulowa. Tsilizani analowa. Ankakoka mpweya kunja, n'kuthamangira m'kati, n'kutuluka akukwakwaza mayi mmodzi, mpaka anawatulutsa onse, mlongo wake yemwe. Nasibeko, mayi amene anagwira khasu, anamutulutsa atafa kale. Tsilizani naye anagwa, ndipo chidzukireni manja ake amanjenjemera, mutu umaiwala za dzulo.

Mwandida atatsitsimuka anaulula za paipi ija pamaso pa amuna onse, n'kuwatsogolera yekha kukawaonetsa. Kuyambira pamenepo amayi anzake anasiya kumupatsa moni, ena poti anabisa, ena poti anaulula.

Kambani atamva, anasiya munda wa mkazi wake uli m'tchire n'kuyamba kuyenda ofesi ndi ofesi. Anamuthamangitsa, anamunyoza, anamuuza kuti kampaniyo kulibe, koma sanatope mpaka boma linatumiza anthu kudzathira simenti m'paipimo.

Anthuwo pochoka ananena mawu owawa. Anati dzenje latsekedwa, koma mpweya ukadali pansi, ndipo udzakhalapo zidzukulu za zidzukulu zitatha. Mudzi usamukire kutsidya kwa mtsinje. Koma banja limodzi litsale pa chulu choyang'anana ndi kathengoko, lizisunga kachipangizo kolira mpweya ukatuluka, lizikayendera dzenjelo tsiku ndi tsiku, kakalira lizithamanga kukachenjeza anthu. Wotsalayo akamwalira, mwana wake alowe m'malo. A m'mudzi, ali ndi maliro a Nasibeko m'mitima, anati mlonda achokere m'banja limene linabweretsa zimenezi.

Atatuwo anakhala pansi pa mtengo wa mango wa mayi awo, ndipo panalibe woyang'ana mnzake kumaso. Kambani anati iye anavomera pofuna kupulumutsa chigwa ku njala, ndipo anavomera zimene anauzidwa. Akanadziwa za paipi sakanatero. Anati m'mundamo alibe ngakhale mzere umodzi, ndipo akachoka kwa mkazi wake ukwati watha.

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, mlongo. Munda ngwako."

Tsilizani anangotambasula manja ake onjenjemera aja. Anati kukhala chete kwake analipira kale ndi thupi, ndipo munthu woiwala za dzulo angamuike bwanji kulonda miyoyo ya anthu.

Mwandida anayankha motsitsa mawu.

"Achimwene, ine ndinakana, inu munandiseka. Mukanandimvera, chinsinsi changa chikanapha ndani? Mwana mmodzi ndinamuika kale m'kathengo kaja. Lero mukuti ndiikemonso otsalawa ali moyo?"

Kambani anamukumbutsa kuti malata ali pa nyumba yake sanagwe kuchokera kumwamba. Mwandida anamukumbutsa kuti mwini mbumba sathawa mbumba ikamapsa. Tsilizani anayamba kulira, ndipo atafunsidwa anati waiwala chimene akulirira. Mudzi unasamuka, iwo akadakanganabe.

Nkhaniyi imandiwawa, ndipo ine kugamula ndalephera, n'chifukwa chake ndaibweretsa kwa inu. Musanditchulire a kampani aja kapena mayiko a machumuni, amenewo pabwalo pano palibe ndipo sadzabwera. Alipo ndi atatuwa: amene anavomera osadziwa, amene anaona cholakwa n'kukhala chete, ndi amene anakana koma n'kubisa dzenje. Inu mukuti ndani atenge ana ake akakhale pa chulu chija?