Kabala ka Pamsana pa Malita

Pa esiteti ina ya ku Lisasadzi, chigafa cha Simeon Chadza ndicho chinkayamba kudzaza fodya chaka ndi chaka. Matenanti anzake ankatama mwamunayo, koma wosenza mitolo ya fodya wamuwisi kuchokera kumunda adali mkazi wake, Malita. Msana sukhala chete mpaka kalekale. Wa Malita udayamba kudandaula, kenaka ululu udatsikira m'mwendo, mpaka mayiyo ankayenda chokoka phazi.

Mwayi udagwa m'Januwale 1987, pamene kuchipatala china cha mishoni kudabwera dokotala wa mafupa wochokera kunja. Iyeyu sankang'amba msana wonse ayi. Ankacheka pang'ono chabe, n'kusuzumira ndi galasi lokuza zinthu, n'kuchotsa kamnofu kamene kadatumphuka pakati pa mafupa n'kumapanikiza mtsempha. Patatha masiku asanu Malita ankayenda yekha, ululu utabalalika.

Tsiku lotuluka, namwino adaitanira Simeon pambali.

"Bambo, musanyengeke ndi kuchepa kwa bala. Kunjaku kwachepa, koma m'katimu ndi mwamuwisi. Miyezi iwiri mayiwa asasenze kanthu, ngakhale ndowa ya madzi."

Simeon adavomera ndi mutu, mawuwo n'kulowera khutu ili kutulukira linalo. Atafika kunyumba adapempha kuona pamene adachekapo. Adapeza kabala kosatalika kuposa chala chamkombaphala, kosokedwa bwinobwino.

"Ndi kameneka?" adaseka. "Ine khasu lidanditema kuposa apa, m'mawa mwake ndili kumunda."

Ngakhale amayi a chipani, amene sankamva za mutu kapena malungo, ataona kalata ya dokotala adamulola Malita kuti asapite kokonzekera magule ovinira mtsogoleri wa dziko. Wosamva chifundo adali wam'nyumba momwemo. Febuluwale atalowa, fodya adayamba kupsa kuyambira masamba apansi, ndipo Simeon ankathyola yekha, kusenza yekha, mtima ukuwira. Pa sabata yachitatu adalephera kudzigwira.

"Mayi a Lefina, fodya akupsera m'munda inu muli pamphasa. Anthu akundiseka."

"Bambo a Lefina, paja kuchipatala adati miyezi iwiri."

"A kuchipatalawo adalimapo fodya liti? Bala lidauma kale, nkhanambo idagwa. Kapena ulesi wakukomerani?"

Liwu loti ulesi lidamulasa Malita kuposa mpeni wa dokotala. Zaka khumi ndi zisanu adasenzera banja limenelo osadandaula, lero n'kutchedwa mlesi! Adadzuka, adapinda nkhata, adatsata mwamuna wake kumunda.

Mtolo woyamba udafika kuchigafa. Wachiwiri udafikanso, Simeon n'kumamwetulira kuti mwaona nanga. Paulendo wachitatu, podumpha mzere wonyowa ndi mvula, phazi lidaterereka ndipo mtolo udamupotokola. Malita adakuwa kamodzi n'kugwa pakati pa fodya. Pomudzutsa, miyendo idangoti lende, osamva ngakhale kutsina.

Adamutengera kuchipatala pangolo, ulendo wa tsiku lathunthu m'matope. Dokotala wa mafupa uja adali atabwerera kwawo. Amene adatsala adamuyeza, adapukusa mutu, nati mitsempha yaphwanyika ndipo palibe chimene angachite. Namwino uja adangomuyang'ana Simeon, ndipo bamboyo adalakalaka nthaka itang'ambika.

Chaka chimenecho fodya wambiri adaolera m'munda, pakuti Simeon ankakhalira kusambitsa ndi kutembenuza mkazi wake. Zidali zomvetsa chisoni kuona mayi wamphamvu ngati uja atatsamira chipupa, akuyang'ana anzake akupita kudambo. Masana ena Simeon adagwada pafupi ndi mphasa, misozi ili chuchuchu.

"Pepani, mayi a Lefina. Ndidalakwa ndine. Pepani ndithu."

Malita adamuyang'ana nthawi yaitali.

"Ndamva, bambo, ndipo ndakukhululukirani. Tsopano ndinyamuleni, ndikufuna kupita kuseri."

Simeon adawerama n'kumubereka, monga momwe adachitira tsiku ndi tsiku mpaka imvi zidamera. Chikhululukiro adachilandira, koma Malita sadapondenso pansi. Akuluakulu sadaname pamene adati pepani sapoletsa chilonda.