Dzina la pa Botolo la Kathanthwe

Kalekale, koma kale loti ena mwa inu munali mutayamba kuyenda, m'tsinde mwa phiri lina la miyala yoyera munali ana atatu a mimba imodzi: Mwandida wachisamba, Gelesomu wapakati, ndi Siyeni chitsirizira. Mlandu umene ndikutula pamaso panu ndi wa dzina limodzi lokha, loyenera kulembedwa pa botolo la mankhwala. Imvani kaye mmene botololo linabwerera.

Mayi awo asanamwalire anasonyeza Mwandida kachitsamba komera m'ming'alu ya thanthwe, kamene kumeneko ankakatcha kathanthwe. Utomoni wa muzu wake ukapakidwa pa chotupa cha pakhungu, chotupacho chinkafota. Koma kumwa ayi: mbuzi imene yatafuna muzuwo sinkafika madzulo. Anamuphunzitsanso kakumbidwe kake: muzu umodzi wokha, wa mbali ya kum'mawa, kenako kukwirira dzenje ndi kuthirapo madzi, pakuti kathanthwe kakazulidwa konse sikaphukanso, ndipo mbewu yake imafuna zaka zisanu ndi ziwiri kuti ikhale ndi muzu wa ntchito. Mwandida sanapondepo m'kalasi. Khasu lake ndilo linaphunzitsa Gelesomu, mpaka anakwera ndege nakabwerako ali dokotala wofufuza za mankhwala.

Chaka china Gelesomu anafika pagalimoto, nakhala pampando mlongo wake ali pamphasa.

"Achemwali, poizoni wa muzu wanu uja ndamupezera chomunyamulira," anatero. "Kuntchito kwathu timapanga timipira ta mafuta, tating'onoting'ono, toti ngakhale mazana angapo titandandalikana sitingakwane kunenepa kwa tsitsi limodzi. Lusoli amati nanotekinoloje. Tikatsekeramo utomoni n'kutilowetsa m'magazi, timadutsa mtima ndi chiwindi tili chitsekere. Mitsempha ya m'chotupa cha khansa ndi yobookabooka ngati dengu lakale, choncho timakagwera mmenemo n'kuphulika. Poizoni amadya matenda, munthu n'kumusiya."

"Mwabwera kudzapempha kapena kudzatenga?" Mwandida anafunsa.

"Kudzapempha, achemwali."

Mwandida anakwera naye phiri, namusonyeza zitsamba, namufotokozera kakumbidwe katatu konse. Gelesomu ankagwedeza mutu, maso ali pafoni. Patapita mwezi anatumiza amuna a mapiki ndi matumba, amene anauzidwa chinthu chimodzi chokha: kudzaza matumbawo. Mwandida atakwera anapeza thanthwe lili mbee, ngati mutu wometedwa pamaliro. Pambuyo pake aphunzitsi a pasukulu ya pafupi anamuwerengera pepala limene Gelesomu analembera anzake ophunzira. Pamalo pa dzina la Mwandida panali mawu akuti chitsambacho chinapezeka mothandizidwa ndi anthu a m'deralo.

Mwandida sanalire, ndipo sanatukwane. Kuseri kwa mwala wina wong'ambika kunali zitsamba zisanu ndi zinayi zimene mayi ake anabzala ndi manja awo. Za zimenezo sanauze munthu.

Mizu ya m'matumba ija, popeza inaunjikidwa yaiwisi, yambiri inachita nkhungu. Yotsalayo inangokwanira kuyesera pa mbewa, ndipo zotupa za mbewazo zinafota. Chilolezo choyesera pa anthu chinatuluka, koma muzu panalibe.

Apa m'pamene matenda a Siyeni anaonekera. Kwa chaka chathunthu ankachapa nsalu zake yekha kumunsi kwa mtsinje kuti anzake asaone magazi. Achipatala anati ndi khansa ya khomo la chiberekero, ndipo yapitirira pofika mpeni. Gelesomu anabweranso. Ulendo uno mpando anausiya, nakhala padothi.

"Achemwali, ndikudziwa kuti muli nako kwina. Amayi sakanakusiyirani malo amodzi."

"Kafunseni anthu a m'deralo, adokotala."

"Siyeni akufa."

"Imani pamaso pa mbumba yonse munene chimene munachita kuphiri. Mukonzenso pepala lija."

"Chosindikizidwa sichifufutika. Ndipo mukufuna ndigwade pabwalo ngati wakuba nkhuku?"

Anapita osagwada. Mwandida anadziuza kuti mchimwene wake akugwiritsa ntchito matenda a Siyeni ngati nyambo, kuti amalize zitsamba zotsalazo. Anayesa kuchiza mng'ono wake yekha, koma utomoni wopaka sukanafika pamene panali chotupa, ndipo kumumwetsa kukanakhala kumupha. Miyezi itatu inatha, wina ali m'tauni ndi timipira topanda kanthu, wina ali kumudzi ndi mizu yopanda chonyamulira.

M'mawa wina Mwandida atatsegula chitseko anapeza Siyeni atakhala pakhonde, atafika chokwawa.

"Akulu anga," anatero, "inu ndi achimwene mukukanganirana pamwamba pa mtembo woti sunafe. Ndipatseni muzu, zamanyazi mudzakambirana pa maliro anga."

Tsiku lomwelo Mwandida anakwera phiri. Anakumba mizu isanu ndi inayi, uliwonse wa kum'mawa, nakwirira maenje, nathira madzi.

Kuchipatala anamuuza Siyeni mosabisa kuti iye ndiye munthu woyamba, ndipo palibe akudziwa chimene chidzachitike. Anadinda chala papepala. "Ndikapanda kuchira, muonepo chimene chalakwika," anatero. "Musandikwirire chabe." Masabata asanu ndi limodzi anagona ndi diripi, akumutenga magazi m'mawa uliwonse mpaka mikono inasowa pobaya. Chotupa chinayamba kufota, koma maso ake anasanduka achikasu. Khungu la timipira linali lopyapyala, ndipo tina tinkaphulikira m'chiwindi tisanafike. Mankhwala anawaimitsa, koma iye anakana kubwerera kumudzi, nati apitirize kumutenga magazi kufikira madokotala atamvetsa chimene chalakwika. Anamwalira chimanga chikumasula. M'magazi akewo ndimo Gelesomu anawerenga kukhuthala koyenera kwa khungu la timipira.

Chaka chotsatira Mwandida anakumbanso popanda womupempha, natumiza mizu pabasi, yopanda kalata, yopanda moni. Woyamba kulandira timipira tatsopano anali Abiti Ajusa, wogulitsa tomato, mayi wa ana asanu. Anatuluka m'chipatala akuyenda yekha, ndipo ena anamutsatira.

Tsopano akuluakulu a zamankhwala anati mankhwalawo apatsidwe dzina, ndipo pa botolo pali malo a dzina limodzi. Gelesomu, poopa kulakwa kachiwiri, anabweretsa nkhaniyo kumudzi pa tsiku loonetsa chiliza cha Siyeni. Abiti Ajusa anabwera nawo, atanyamula chitenje chatsopano choti aveke amene anamupulumutsa.

Gelesomu anayamba. "Muzu umenewu wakhala m'phirimu chiyambire makolo, ukungopha mbuzi. Zaka khumi ndi ziwiri ndakhala ndikuupangira njira. Popanda timipira tanga, ndi poizoni basi. Ndipo achemwali akanapanda kuumira miyezi itatu ija, mwina lero sitikanaima pa chiliza."

Mawuwo anamulasa Mwandida pamalo pomwe iye ankadzilasa yekha tsiku lililonse. Koma anaimirira mowongoka.

"Timipira tanu topanda muzu ndi mafuta okazingira," anayankha. "Anakusonyezani ndani muzuwo? Anakuphunzitsani ndi khasu la yani? Mukanamva kakumbidwe, phiri lonse likanakhala lodzaza, ndipo palibe akanafunika kupempha mnzake. Zitsamba zimene zinachiza mayi awa zilipo chifukwa ndinakubisirani. Miyezi itatu mukuinenayo, mawondo anu anali kuti? Ndipo chinatsiriza mng'ono wanga si kuchedwa kwanga kokha, ndi khungu lanu lopyapyala."

Abiti Ajusa analankhula ali chogwada. "Pepani eni mbumba, ine ndine mlendo. Bedi limene ndinagonapo ndi lomwe anagonapo malemuwa. Anamwino anandiuza kuti mikono yawo inali ngati yolumidwa ndi njuchi. Inu amayi munapereka muzu, mawa mukakumba wina. Inu adokotala munapereka nzeru, ndipo mukadali nazo. Awa ali pansipa anapereka chimene sangakatengenso, dzina likhale lawo."

Anthu anang'ung'udza movomereza. Koma Mwandida anapukusa mutu.

"Ndinaona kuchipatala kuja kumene botolo limapita likatha. Mukufuna dzina la mwana wa mayi anga lizitayidwa m'bini pamodzi ndi thonje la magazi, lizitchulidwa ndi aliyense wogula ngati dzina la sopo? Amene anabisa nsalu zake chaka chathunthu kuti asanenedwe, mumuike pakamwa pa dziko lonse? Munamufunsa?"

Woyenera kufunsidwayo anali pansi pa simenti. Dzuwa linapendeka, anthu anayamba kubalalika. Gelesomu analowa m'galimoto ndi pepala lolembapo dzina la mankhwala lili losalembedwa. Mwandida anatenga chikho cha madzi nalunjika kuphiri. Abiti Ajusa anayang'ana uku ndi uku, kenako anasiya chitenje chili chipindire pa chilizapo.

Mabotolo akudikira, ndipo odwala sangalandire mankhwala opanda dzina. Tsono inu amene mwamva zonse, weruzani: palembedwe Mwandida, amene anasunga muzu koma anaumana miyezi itatu, Gelesomu, amene anaupangira njira koma anapululutsa phiri nafufuta mlongo wake, kapena Siyeni, amene anapereka thupi lake koma sangathenso kuvomera kapena kukana? Pa botolopo palembedwe dzina la yani?