Ngozi ya pa Mphambano ya ku Luwawa

Lyford Chimphamba anali mphunzitsi wochokera ku Ntcheu, amene boma lidamutumiza ku sekondale ina ya pa Boma ku Mzimba. Anali munthu waphuma: tiyi ankamwa ali chiimire, ndipo mkazi wake Esme ankati mtima wake uli ngati mbuzi yomangidwa pafupi ndi munda. Chuma cha banjali chinali kagalimoto kofiira, kamene kankanyamula tomato wa Esme kuchokera ku Jenda.

Loweruka lina masana, Lyford ndi Esme akubwerera ndi madengu odzaza, pikapu ya matabwa inatulukira m'fumbi pa mphambano ya ku Luwawa. Phwaa! Tomato anangoti mbwee pamsewu. Mwamwayi palibe anavulala, koma kutsogolo kwa kagalimoto kunaphwanyika ngati chitini chopondedwa.

"Mwalowa mumsewu waukulu osaima!" anakalipa Lyford.

Mwini pikapu, bambo wa imvi dzina lake Yoram Nyirenda, anapukusa mutu. "Yayi, adada. Inu mumathamanga chomene, foni ili kukhutu. Ndakuonani ndi maso anga."

Onse awiri ankanena zoona, n'chifukwa chake mkangano unakula. Esme anakoka mwamuna wake malaya. "Bambo a Enifa, itanani apolisi adzayeze galimoto zisanasunthe. Ndiye kuti a inshuwalansi adzakhala ndi poyambira."

Koma Yoram, poona kuti matabwa akuchedwa, anafewetsa mawu. "Tisavutane. Mlamu wanga Goodson ali ndi galaja pa Boma. Akonze, ine ndigula zonse zofunika, mbwenu nkhani yatha."

Lyford, amene kudikira kunkamuyabwa ngati chitedze, anagwirana naye chanza. Galimoto anazikankhira pambali, ng'ombe zinadutsa, ndipo zizindikiro za matayala zinafafanizika.

Sabata inatha. Goodson anali atamasula kutsogolo konse, akudikira zipangizo kuchokera ku Mzuzu. Lyford ankapita ku galajako katatu patsiku, choko chili m'manja, ana atawasiya m'kalasi. Kenaka mphunzitsi mnzake anamunong'oneza kuti inshuwalansi ya pikapu ija ikhoza kumulipira bwino, bola lipoti la apolisi linene kuti wolakwa ndi Yoram. Lyford anayamba kudzifunsa mumtima. Bwanji osalandira kuwiri, galimoto ikonzedwe kuno, malipiro abwere uko?

"Munagwirana chanza ndi munthu," anatero Esme. "Ngati mwasintha maganizo, kamuuzeni pamaso. Sankhani njira imodzi."

"Za mapepala zisiyire ine," anayankha Lyford, akumanga tayi.

Ku polisi anakanena kuti pikapu inamugunda n'kuthawa. Patapita masiku atatu, Yoram anaitanidwa kuti adzakumane ndi Lyford kupolisiko. Anafika ndi Goodson, atanyamula katoni ya nyali zatsopano zimene zinali zitangofika m'mawa womwewo. Mayi wapolisi anayang'ana katoniyo, kenaka n'kuyang'ana Lyford.

"Aphunzitsi, munthu wothawa amagulira mnzake nyali?"

Mayiyo anachenjeza Lyford kuti kunamiza apolisi ndi mlandu pawokha, ndipo analemba kuti wolakwa sangadziwike popeza pamalo a ngozi sipanayezedwe. Woona za ngozi wa inshuwalansi atabwera kuchokera ku Mzuzu, anapeza galimoto ili zidutswazidutswa pansi pa mtengo. Anawerenga lipoti lija, natseka faelo yake. Kampani sikanalipira galimoto yomasulidwa iwo asanaione, pa nkhani ya munthu wa malilime awiri.

Lyford anathamangira kwa Yoram, namupeza akukweza katoni ija m'pikapu.

"Bambo Nyirenda, tiyeni tibwerere pa zomwe tinagwirizana zija."

"Ine ndakalamba wopanda kuponda ku polisi," anatero Yoram mosakweza mawu. "Inu mwanditcha wothawa pamaso pa boma, ana anga amva. Yewo, adada. Nyalizi zikubwerera kwa eni ake."

Mvula yoyamba inapeza kagalimoto kofiira kali pamiyala kuseri kwa galaja, nkhuku zikuikira mazira pampando wa dalaivala. Tsiku limenelo Lyford anaima pamenepo wopanda ambulera, madzi akuyenderera m'khosi, osadziwa kuti alowere kuti. Anafuna kubisala konsekonse, ndipo konsekonse kunamutsekera. Akuluakulu sananame: mapanga awiri avumbwitsa.