Mmisiri Amene Anatsika M'galimoto Imene Anakonza

Panali mmisiri wina wowotcherera zitsulo amene ankakhala m'mudzi wa pamwamba pa phiri. Dzina lake musandifunse, anzanga a m'galaja, kuopa mungayambe kuyang'anizana. Anali wa manja abwino. Pamenepo ndiye sindingamunamizire.

Mudzi umenewo unali ndi msewu umodzi wokha wotsikira kuchigwa, kumene kunali chipatala. Msewu wake wa miyala, wokhotakhota, mbali ino khoma la phiri, mbali inayo phompho. Panali pokhota pena pamene anthu anapatcha kuti pa Gwiramtima. Ukasuzumira pamenepo, mitengo ya pansi imaoneka ngati udzu. Galimoto wamba sizinkakwera kumeneko. Munthu akadwala ankamunyamula pa machira, amuna anayi, maola asanu, ndipo ena ankatsirizikira m'njira.

Kuseri kwa tchalitchi kunali galimoto yakale ya m'tchire, ija imakoka ndi matayala onse anayi, imene amishoni anaisiya kalekale. Inagona pamenepo zaka makumi awiri. Nkhuku zinkaikiramo mazira. Masipuling'i ake akumbuyo anthu anasolola chitsulo chimodzichimodzi n'kukasulitsa nkhwangwa ndi zikwanje, paja kuthwa kwa chitsulo chimenecho mukukudziwa. Chaka china anthu atatopa ndi machira, anagwirizana zoidzutsa kuti izinyamula odwala. Injini anaipereka kwa makaniko wa kuchigwa. Zapansi zonse anazisiya m'manja mwa mmisiri uja.

Anagwira ntchito, osati masewera. Anachotsa bodi yonse, n'kusiya msana wa galimoto, umene ife timati chasisi, uli pamiyala inayi. Maekiselo, zitsulo zija zimagwira matayala awiriawiri, anawamasula, kuwatsuka ndi palafini, kuwapaka girizi watsopano. Masipuling'i anakawafuna kutali kwa ogulitsa zitsulo zakutha, n'kubwera nawo panjinga, akukankha phiri lonselo. Anawapala dzimbiri, kuwasanja bwinobwino, kuwamanga ndi mabawuti. Miyezi iwiri inatha akugona chagada m'fumbi. Masana aliwonse mkazi wake Nagama ankamubweretsera chakudya komweko, n'kukhala pambali kumaonerera, monyadira.

Tsono nonse mukudziwa kuti chasisi sitiiweruza ndi maso. Timaigogoda. Umatenga kahamala, n'kumayenda nako pang'onopang'ono kuchokera kumbuyo mpaka kutsogolo, khutu lili tcheru. Chitsulo chamoyo chimayankha kuti ngwee. Chovunda chimangoti phu, ngati dzungu lowola. Chasisi ya galimoto zimenezi imakhala ya mphako m'kati, ndiye matope akalowamo n'kugona, dzimbiri limayamba kudya kuchokera m'katimo, kunja kukuoneka bwinobwino.

Mmisiri uja ntchito yogogodayi anaisiyira kumapeto. Kulakwa kwake koyamba kunali kumeneko. Anayamba kumbuyo, chitsulo chikuyankha bwino. Pakati chimodzimodzi. Atafika kutsogolo, mbali ya kumanzere, pamene pamagwira sipuling'i, hamala inati phu. Anamenyanso. Inalowa. Atapisamo chala munatuluka dothi lofiira ndi zinyalala za makoswe. Malo ovundawo anali aakulu ngati zikhatho ziwiri.

Anakhala pansi. Ankadziwa tanthauzo lake. Pamenepo pakathyoka galimoto ikuyenda, ekiselo imasuntha, chiwongolero chimaleka kumvera dalaivala, ndipo galimoto imapita kumene yafuna. Ankadziwanso mankhwala ake: kudula mbali yonse yovundayo, kupeza chitsulo chochindikala, kuchiwotcherera m'kati ndi kunja. Koma chitsulo chotero chinali kutauni, ndipo ntchito yake inali ya milungu iwiri.

Anatsala ndi masiku asanu. Tsiku la mwambo woyambitsa galimotoyo anatchula ndi iye mwini, ataimirira m'tchalitchi, popanda womukakamiza. Amayi anali atanyika kale chimera cha thobwa. Kwaya inali itapeka nyimbo, ndipo m'nyimbomo munali dzina lake. Akulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma munthu amene dzina lake lalowa m'nyimbo kudekha kumamuvuta.

Kuseri kwa nyumba yake kunali mgolo wakale. Anadulako chigamba, chitsulo chopyapyala chimene ungachipinde ndi manja. Anachiphimba pabowo paja n'kuchigwiriza apa ndi apo, poti chitsulo chovundacho chinkangosungunuka moto ukachikhudza. Pamwamba pake anamatapo phula, kenako penti yakuda. Itauma, malo amenewo ndi amene ankaoneka atsopano kuposa chasisi yonse. Mumtima anati, "Mwambo ukangotha ndidzakonza bwino." A Sumaili, musamwetulire. Mawu amenewo tonse tinawanenapo.

Tsiku linafika. Galimoto inaima pabwalo la tchalitchi, yobiriwira, itamangidwa maluwa kutsogolo. Anthu ankaisisita ndi manja. Mkulu wa komiti ya mudziwo, bambo wachikulire wa ndodo, atatha kupemphera anatembenukira kwa mmisiri uja.

"Amisiri," anatero, "kwathu kuno womanga mlatho ndiye amayamba kuwoloka. Ulendo woyambawu mpando wakutsogolo ndi wanu."

Mwambo umenewo anali atauyiwala. Anthu anawomba m'manja, iye n'kukwera. Mpando umenewo uli kumanzere. Mapazi ake anaponda pamwamba penipeni pa chigamba chija.

Kumbuyo anthu anayamba kulowa. Kunakwera mayi wina woyembekezera amene ankapita kukadikirira kuchipatala. Kunakwera mkulu wina wa bala la pamwendo, ndi omuperekeza awiri. Kunakweranso a komiti, ndi ena ongofuna kukanena kuti analipo. Aliyense akaponda, galimoto inkatsika pang'ono, ndipo iye ankamva sipuling'i ikudandaula pansi pa mapazi ake. Anawerenga anthu khumi ndi anayi. Anachita mantha, abale anga, mantha enieni a munthu amene akudziwa malo amene akafere.

Dalaivala ataliza injini, mmisiri uja anatsegula chitseko n'kutsika.

"Pepani, akuluakulu," anatero atagwira pamimba. "M'mimba mwandivuta. Kaya ndi thobwa lija."

Anthu anaseka. Wina anafuula kuti khwangwala wamantha anafa ndi ukalamba, enanso n'kuseka kwambiri. Iye anaseka nawo. Mtima unayamba kukhala pansi.

Koma mkulu wa komiti uja anapukusa mutu. "Ulemu umenewu sungachoke m'banja lanu. Mayi Nagama, bwerani mukhale m'malo mwa amuna anu."

Nagama anatuluka pakati pa amayi atavala chitenje chatsopano. Chibadwire anali asanakhaleko kutsogolo kwa galimoto. Anasasa fumbi la kumapazi asanakwere, kuopa kudetsa ntchito ya mwamuna wake. Atakhala, anamuyang'ana akumwetulira.

"Bambo, mukagoneko pang'ono. Ndikupezani madzulo."

Mmisiri uja anatsegula pakamwa. Nthawi yomweyo kwaya inayamba nyimbo ija, ndipo dzina lake linamveka bwalo lonse. Chitseko cha galimotoyo chinali chovuta, chinkafuna kuchinyamula pang'ono kuti chitsekeke, ndipo Nagama analephera kawiri. Wodziwa katsekedwe kake anali iye yekha. Anatambasula dzanja, n'kumutsekera.

Galimoto inanyamuka. Anthu anabwerera ku thobwa lawo. Iye anangoima pomwepo, akumvetsera injini ikutsika. Msewu umenewo ankaudziwa ngati khomo la nyumba yake. Tsopano ali pa mkuyu. Tsopano akuwoloka kamtsinje. Kukhota kasanu ndi kawiri, kenako pa Gwiramtima, pamene dalaivala aliyense amaponda buleki mwamphamvu n'kukhotera kumanja, kulemera konse kwa galimoto n'kugwera pa tayala lakutsogolo la kumanzere. Atafika pamenepo m'maganizo mwake, anachoka pabwalo paja.

Analiyatsa liwiro. Panali kanjira kachidule ka oyenda pansi kamene kamatsika molunjika, kodula msewu pakatipakati. Anatsika nako ngati wamisala. Anagwa, anadzuka, nsapato imodzi inatsalira m'miyala, inayo anaitaya yekha. Minga inamung'amba nkhope. Injini ankaimva nthawi zina kumtunda kwake, nthawi zina kumunsi. Ikangoti zii kuseri kwa thanthwe, ankati basi, zatha. Ikamvekanso, ankathamanga akulira mokweza, bambo wamkulu wa ndevu zake.

Anatulukira mumsewu chakumtunda pang'ono kwa Gwiramtima. Galimoto inali ikubwera, anthu akuimba kumbuyo. Anaima pakati pa msewu manja atatambasula. Dalaivala anaponda buleki. Pansi pa galimoto china chake chinalira kuti thyo, ndipo mbali ya kumanzere inawerama. Inaima pafupi kwambiri ndi mawondo ake.

Mmisiri uja anatola mwala, n'kukwawira pansi pa galimoto, onse akuona. Anamenya papenti yakuda paja kawiri. Chigamba chinamatuka n'kugwa, dzimbiri n'kumuyoyokera m'maso. Anachikoka n'kuchiponya pamsewu. Dalaivala anagwada kuti aone. Chimene chinatsala chikugwira sipuling'iyo chinali kachitsulo ka zala ziwiri, nakonso katang'ambika theka.

"Tsikani," anatero mmisiri uja. "Pang'onopang'ono, mbali ya kuphiri. Chasisi ndi yovunda. Ndinaiona, ndinaiphimba ndi mgolo."

Anatsika mmodzimmodzi, mosamala ngati akuponda mazira. Dalaivala anatsekera matayala ndi miyala. Mayi woyembekezera uja anayang'ana pokhota paja, anayang'ana phompho, n'kukhala pansi m'dothi, atagwira mimba yake. Mmisiri uja anthu sanamumenye. Ine ndikuganiza kuti akanamumenya bwenzi zitamupepukira.

Womaliza kutsika anali Nagama. Anafika pamene mwamuna wake anagwada, n'kulankhula motsitsa mawu, mwaulemu, monga mwa masiku onse.

"Bambo, m'mimba muja mwaleka?"

"Simunkapweteka, mayi."

"Ndiye kuti munkadziwa."

"Ndinkadziwa."

"Chitseko munanditsekera ndinu."

Iye anawerama. "Koma ndathamanga, mayi. Taonani mapazi angawa."

Nagama anayang'ana mapaziwo. Anali magazi okhaokha.

"Ndawaona," anatero. "Koma munayamba mwatsika."

Tsiku limenelo sipanafe munthu. Mmisiri uja anapita kutauni, anabwera ndi chitsulo choyenera, n'kukonza chasisi ija pomwe inaimapo, milungu iwiri, dalaivala ataimirira pambali kuona msoko uliwonse. Galimotoyo inanyamula odwala zaka zambiri. Nagama naye sanathetse banja. Ankamuphikira, ankamuchapira, atadwala anamudwazika. Koma kuyambira tsiku limenelo mpaka ukalamba wawo, mwamunayo akamupatsa mpando, ngakhale m'nyumba mwawo momwe, iye ankayamba waugwedeza ndi dzanja asanakhalepo. Mwamunayo ankangoona, tsiku ndi tsiku.

Tsono inu amene mukundimva, ntchito yathuyi ndi ya pansi, kumene mwini galimoto sayang'anako. Chimene mwaphimba ndi penti si chinsinsi chanu nokha, pali munthu amene adzakhalepo pamwamba pake, ndipo simusankha ndinu kuti akhale ndani. Kunena kuti ntchito sinathe n'kochititsa manyazi, inde, koma manyazi amenewo ndi a tsiku limodzi. Mukadikira kuti mukanenere pamsewu, mwina mudzapulumutsa anthu, koma pali china chimene simudzachiwotchereranso.

A Chimpeni, galimoto ija mwaipaka penti dzulo ija, tinene kuti mawa kutsogolo kukhala akazi anu. Ngati mawu amenewa akuopsani, musadikire kuti ndimalize kumwa tiyi. Kaikwezeninso pajeke.